Madzi Otsukira Muzu wa Dzino Amafika Pati?

 Inu amene mwagwira tsaya chifukwa dzino silinakugonetseni usiku wathawu, musasinthe siteshoni, nkhani ya lero ndi yanu.

Kwathu kuno dzino likavuta timathamangira mawu amodzi: akangolizula. Sindikunyoza ayi. M'zipatala zambiri kuzula ndiko kumapezeka, sikudula, ndipo munthu amabwerako tsiku lomwelo. Komatu ilipo njira ina yopulumutsira dzino lomwe laola mpaka kufika pamtsempha, imene madokotala a mano amaitchula kuti root canal. Amabowola dzino pamwamba, kuchotsa kamnofu kofewa kam'kati komwe kadwala kapena kafa kale, kutsuka ngalande zoyenda m'mizu, kuzitseka, kenaka kumata pabowo paja. Dzino limatsala m'kamwa, mwini wake n'kumatafunirabe chimanga chokazinga.

Amene anachitidwapo zimenezi dandaulo lawo limafanana: zimatalika. Ola lathunthu kukamwa kuli yasaa, mwina kubwererako kawiri kapena katatu, dokotala akungobwereza zomwezomwezo. Alowetsa kachitsulo kopalira, akatulutsa, atenga sirinji, athira madzi a fungo la Jik, wothandizira wake ayamwa madziwo ndi kapaipi, ayambiranso. Wodwala amaganiza kuti ntchito yeniyeni ikugwiridwa ndi kachitsulo kaja, madziwo ndi ongotsukuluzira. Pamenepo ndiye ndikufuna tisemphane maganizo. Kachitsulo kamangolambula njira. Wochiza ndi madziwo, ndipo mutu umene wawazunguza akatswiri kwa zaka zambiri ndi wakuti madziwo akatuluka m'singano amakafika pati.

Tiyambe ndi m'kati mwa dzino momwemo. Pa chithunzi cha m'buku la kusukulu, muzu amaujambula ndi kangalande kamodzi kowongoka bwinobwino, kuchokera pamwamba mpaka kunsonga. Dzino lenileni silili choncho. Mu 1917 katswiri wina wa ku Zurich, Walter Hess, anadzaza labala m'ngalande za mano ochuluka zedi ozulidwa kale, n'kusungunula manowo ndi asidi kuti patsale labala yekha woumbika monga mwa mphako ya m'kati. Zimene zinatuluka zinali zokhotakhota, zanthambi, zina zophwatalala, zina zogawikana pawiri n'kukakumananso kutsogolo. Kunsonga kwa muzu ngalande imodzi imatha kumwazika kukhala tinjira tingapo. M'mano otafunira am'munsi, ngalande ziwiri za muzu umodzi kawirikawiri zimalumikizidwa ndi kampata kopyapyala koti ngakhale kachitsulo kochepetsetsa sikangalowemo. Ndipo khoma lenilenilo si losalala: lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, zikwizikwi pa kamalo kochepa, tolowera m'thupi la dzino.

Nanga n'chiyani chimene tikuthamangitsa m'menemo? Funso limeneli linayankhidwa ndi makoswe. Mu 1965 ku America, Kakehashi, Stanley ndi Fitzgerald anatenga magulu awiri a makoswe. Gulu lina linali la makoswe wamba, lina linali la makoswe obadwira ndi kukulira m'malo opanda kachilombo ngakhale kamodzi. Onse anawabowola mano mpaka pamnofu wam'kati, n'kuwasiya choncho osamata. Kwa makoswe wamba mnofu unafa, mafinya n'kuunjikana kunsonga kwa mizu. Kwa makoswe opanda tizilombo aja mnofu unakhalabe wamoyo, dzino n'kuyamba kudzitsekera lokha, ngakhale zakudya zinkalowa pabowopo. Choncho bowo palokha silipha dzino, zakudya zotsakamira pazokha sizipha dzino. Opha dzino ndi mabakiteriya.

Tsono mabakiteriyawo sakhala akungoyandama kudikira kuti madzi awakokolole. Amamatirira pakhoma la ngalande m'magulumagulu, atadzikuta ndi zonanda zimene amatulutsa okha. Akatswiri amati biofilm. Gulu lotere limapirira mankhwala kuposa tizilombo tomwe tili patokhapatokha, ndipo limakonda kubisala m'malo omwe ndatchula aja: m'nthambi, m'timipata, m'makona.

Apa ndi pamene kachitsulo kamagonja. Tizitsulo topalira tamakono timapangidwa ndi nickel ndi titanium, timapindika motsatira muzu, timazungulitsidwa ndi kamakina, ndipo ndi tabwino kwabasi. Koma kachitsulo kozungulira kamapala bowo lozungulira, pamene ngalande zambiri ndi zophwatalala. Mu 2001 Ove Peters ndi anzake anajambula mano otafunira am'mwamba ndi makina oona m'kati mwa dzino, asanapale ndi atapala. Anapeza kuti maperesenti 35 kapena kuposerapo a khoma la ngalande sanakhudzidwe n'komwe ndi chitsulo, posatengera kuti agwiritsa ntchito mtundu uti. Mu 2005 Nair ndi anzake anachita china chovuta kwambiri. Anachiza mano otafunira am'munsi okwana 16 mwadongosolo lonse, kenaka n'kudula nsonga za mizuyo pa opaleshoni kuti akazione pa maikulosikopu. Mano 14 mwa 16 anali adakali ndi tizilombo, makamaka m'timipata tolumikiza ngalande ndi m'tinthambi. Kumene chitsulo sichifika, chiyembekezo chonse chili pa madzi.

Madzi ake ati? Amene agwira ufumu mpaka lero ndi sodium hypochlorite, mankhwala omwewo ali mu Jik wochapira. Mbiri yake pa zachipatala inayambira kunkhondo. Mu 1915, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili m'kati, asilikali ankafa ndi mabala oola. Katswiri wa mankhwala wa ku England, Henry Dakin, pamodzi ndi dokotala wa opaleshoni wa ku France, Alexis Carrel, akugwira ntchito ku Compiègne, anakonza hypochlorite wosungunula mpaka theka la peresenti, wokhoza kupha tizilombo osawononga kwambiri mnofu wamoyo. Chochititsa chidwi n'chakuti Carrel anaona msanga kuti kungothira mankhwalawo pamwamba pa bala sikuthandiza. Ankalowetsa timapaipi ta labala tobowolabowola m'makona onse a bala, n'kumathira mankhwala atsopano maola awiri alionse. Vuto la kufikitsa mankhwala pamene pali matenda, ndi kuwasintha asanathe mphamvu, analidziwa kalekale anthu a mabala madokotala a mano asanaliyambe.

Pambuyo pake hypochlorite analowa m'ntchito ya mano, ndipo lero amagwiritsidwa ntchito pa mphamvu yoyambira theka la peresenti mpaka cha m'ma peresenti 6. Amachita zinthu ziwiri zimene mankhwala ena sachita pamodzi: amapha tizilombo, komanso amasungunula zotsalira za mnofu wakufa, zomwe ndi chakudya ndi pobisalira pa tizilomboto. Ku Umeå m'dziko la Sweden, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Byström ndi Sundqvist anayesa kupala ngalande akutsukuluza ndi madzi amchere okha. Tizilombo tinachepa kwambiri, koma pafupifupi theka la mano linali nato ndithu ngakhale atabwereza maulendo angapo. Atagwiritsa ntchito hypochlorite wa theka la peresenti, ngalande 12 mwa 15 zinapezeka zopanda tizilombo pa ulendo wachisanu.

Ali ndi mnzake wothandizana naye. Chitsulo chikamapala, utuchi wa dzino umasakanikirana ndi zotsalira za mnofu n'kupakika pakhoma, kutseka timabowo tija. Hypochlorite sasungunula utuchi umenewu chifukwa ndi wa mtundu wa fupa. Ntchito imeneyo ndi ya EDTA, amene Nygaard-Østby wa ku Norway anamubweretsa m'ntchito ya mano mu 1957, ndipo lero amathiridwa pa maperesenti 17 kwa mphindi ngati imodzi chakumapeto. Awiriwa salowa pamodzi, chifukwa EDTA amapha mphamvu ya hypochlorite. Palinso chlorhexidine, yemwe ena amamukonda, koma akakumana ndi hypochlorite m'ngalande amapanga zinyalala zofiirira zomwe zimadetsa dzino. N'chifukwa chake mukasuzumira pa thireyi ya dokotala mudzaona masirinji awiri kapena atatu olembedwa maina, osati imodzi.

Tsopano tifike pa phata la nkhani yathu, kayendedwe ka madziwo.

Ganizirani kukula kwa malo amene tikunena. Dzino lonse, kuchokera pamwamba mpaka kunsonga kwa muzu, kawirikawiri limakhala mamilimita 20 kapena kupitirirako pang'ono. Kunsonga, ngalande ikapalidwa bwino imakhala yotakata mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita. Madzi odzaza ngalande imodzi sakwana ngakhale dontho lathunthu. Ndiye hypochlorite wochepa chonchi akakumana ndi mnofu wakufa, klorini wake amatha msanga, n'kusanduka madzi amchere opanda ntchito. Kuti ntchito ipitirire pamafunika atsopano, ndipo atsopanowo ayenera kukankha akalewo kuti atuluke.

Koma atulukira kuti? Muzu uli m'fupa la nsagwada, kunsonga kwake n'kotsekeka ndi mnofu. Khomo lolowera ndi lomwelo lotulukira. Aliyense amene anatsukapo botolo lothina kukamwa, lokhala ndi zouma pansi pake, akudziwa zimene zimachitika. Mukalitchera pampopi, madzi amadzaza, n'kuyamba kusefukira pakamwa, koma a pansi ali phee, zouma zija zili pomwepo. Mukhoza kutha ndowa yonse osasintha kanthu. Nthawi zinanso mpweya umatsekeredwa m'kati, madzi n'kumakana kulowa. Mayi wodziwa ntchito amatani? Amalowetsa kanthu kofika pansi, kapena amaponyamo timiyala ndi mchenga, kutseka pakamwa ndi chala, n'kukhutchumula. Njira zonse zotsukira muzu wa dzino, zotchipa ndi zodula zomwe, zikulimbana ndi mavuto a botolo limenelo: kufikitsa madzi atsopano pansi, kuchotsa mpweya wotsekeredwa, ndi kugwedeza madziwo kuti akhule khoma.

Mu 1983 wofufuza wina, Chow, anaonetsa ndi timachubu tagalasi kuti madzi otuluka m'singano sapita patali kupyola nsonga ya singanoyo. Zaka za m'ma 2009 ndi 2010, Christos Boutsioukis wa ku Greece pamodzi ndi madokotala a mano a ku Amsterdam ndi akatswiri a kayendedwe ka zamadzimadzi a pa yunivesite ya Twente ku Netherlands anaitenga nkhaniyi mozama. Anagwiritsa ntchito kompyuta yowerengera mmene madzi amayendera, mofanana ndi mmene amachitira okonza ndege ndi sitima, n'kutsimikizira ndi kamera yojambula mwaliwiro kwambiri. Zimene anapeza n'zodzichepetsa nazo. Singano yotsekeka kunsonga, yotulutsira madzi pambali, imasintha madzi mpaka milimita imodzi kapena imodzi ndi theka kupyola pamene yathera. Singano yotseguka kunsonga imaponya madzi patsogoloko, mamilimita awiri kapena atatu. Basi.

Kupitirira pamenepo madzi sakhala chete kwenikweni. Amapanga timizungulire tosanjikizana, kamodzi pansi pa kanzake, koma kalikonse kamazungulira mofooka kwambiri kuyerekeza ndi kapamwamba pake, mpaka kunsonga kumakhala ngati sikukuchitika kanthu. Mankhwala atsopano amafikako mwa kungolowerera pang'onopang'ono, zomwe zimadya nthawi yoposa imene wodwala angakhale pampando. Onjezerani ichi: mumpata wothina chonchi madzi sawinduka, amayenda mwaulemu, ndipo amene agunda khoma ndiwo amayenda pang'onopang'ono kuposa onse. Chonsecho tizilombo tili pakhoma pomwepo. Mphamvu yokhula khoma imakhala yaikulu pafupi ndi potulukira madzi pa singano, ndipo imazilala msanga mukangochokapo. N'chifukwa chake dokotala wodziwa saimitsa singano malo amodzi, amaikweza ndi kuitsitsa akuthira.

Tanthauzo lake n'losavuta kumva. Ngati singano yathera pakati pa muzu, theka lam'munsi silikutsukidwa, ngakhale dokotala athire sirinji khumi. Singano zakale zinali zonenepa, zinkathera pakhomo pa ngalande. Zamakono, zimene amati 30 gauge, ndi zonenepa pafupifupi mamilimita 0.3, ndipo zina ndi zapulasitiki wofewa wopindika motsatira muzu. Ndiye mwaona tsopano ntchito yeniyeni ya chitsulo chija: kukuza ngalande mokwanira kuti singano itsike kufika pafupi ndi nsonga, ndiponso kuti madzi akale apeze mpata wokwerera m'mbali mwa singanoyo. Pamenepa pali mkangano pakati pa akatswiri womwe sunathe. Mukapala kwambiri madzi amayenda bwino koma muzu umapyapyala, tsiku lina udzang'aluka. Mukapala pang'ono muzu umalimba koma kunsonga kumatsala kosatsukika. Ine ndimaona kuti amene akukokera kwambiri kumbali ya kusapala, pofuna kusunga thupi la dzino, nthawi zina amaiwala kuti dzino lolimba lokhala ndi mafinya kunsi kwake lidzazulidwabe.

Za mpweya wotsekeredwa ndingodutsapo mwachidule. Kathovu ka mpweya kamatha kukhala kunsonga kwa ngalande n'kutchinga madzi, ndipo kwa kanthawi nkhaniyi inatchuka kwambiri m'misonkhano ya madokotala a mano, ogulitsa zipangizo n'kuikwerapo. Pambuyo pake kunaoneka kuti kathovuko kamachoka mosavuta singano yopyapyala ikatsitsidwa kufika kunsonga kwa kamphindi, kapena madzi akathiridwa mofulumirirako.

Mwina wina akufunsa kuti, bwanji osangokankha sirinji mwamphamvu kuti madzi akafike? Apa ndiye pali ngozi. Kunsonga kwa muzu kuli kabowo komwe mitsempha inkalowera. Singano ikakanirira m'ngalande, kutseka njira yobwererera, madzi alibe kwina kopita koma kubowo limenelo, n'kulowa m'fupa ndi m'mnofu wa nkhope. Kumbukirani kuti mankhwalawa ntchito yawo ndi kusungunula mnofu, ndipo sasankha wakufa kapena wamoyo. Wodwala amamva ululu wobaya mwadzidzidzi ngakhale anabayidwa jakisoni wa dzanzi. M'mphindi zochepa tsaya latupa, magazi akutuluka m'ngalande, ndipo pofika mawa khungu lada ndi magazi oundana kuyambira pansi pa diso mpaka pamlomo. Ambiri amachira m'masabata angapo, koma ena dzanzi la pankhope limawakhalira miyezi. Sizichitika kawirikawiri, ndipo zimapeweka. Dokotala amayeza kutalika kwa muzu, n'kuika chizindikiro pa singano kuti isapyole. Amaonetsetsa kuti singanoyo ili lendelende, siinagwire khoma. Ambiri amaphunzitsidwa kukankha sirinji ndi chala cholozera m'malo mwa chala chachikulu, chifukwa chachikulu chili ndi mphamvu zopitirira muyeso. Ndiponso singano yotseguka kunsonga amaiimitsa mamilimita awiri kapena atatu isanafike kumapeto, pamene yotulutsira pambali imatha kuyandikira mpaka milimita imodzi. Ntchito yonse ili pakati pa zinthu ziwirizi: madzi afike kunsonga, koma asapyole.

Pano ndiime kaye, ndilankhule ndi inu amene mwamva dzina la Jik n'kuyamba kuyang'ana pawindo pamene pali botolo. Musayerekeze. Timamva za anthu oika zinthu zosiyanasiyana pabowo la dzino, ena mpaka asidi wa m'batire, ena kuphwanyirapo aspirin. Zonsezo zimangowotcha nkhama ndi tsaya, tizilombo tili phee kunsi kwa muzu. Ngati dokotala wokhala ndi singano yopyapyala akuvutika kufikitsa mankhwala kumeneko, thonje lonyowetsa silingafikeko.

Dokotalayo amateteza m'kamwa mwanu ndi kansalu ka labala kotchedwa rubber dam, komwe Sanford Barnum wa ku New York anayambitsa mu 1864. Amakabowola, kukakoleka pa dzino lodwalalo ndi kachitsulo kopana, dzino lokhalo n'kutulukira pamwamba. Malovu, omwe ali ndi tizilombo tosawerengeka, salowa m'ngalande. Mankhwala sakhudza lilime. Kachitsulo kakapulumuka m'manja sikagwera kukhosi. Ndipo pali china chimene anthu sachiganizira: dokotala wopanda kansalu kameneka amaopa kuthira hypochlorite wokwanira, mwinanso amangogwiritsa ntchito madzi amchere, ndipo mwamva kale zimene a ku Umeå anapeza za madzi amchere. Mukapita kukachitidwa root canal, kufunsa mwaulemu kuti, adokotala, kodi muika kalabala kaja, si mwano.

Tibwere ku zogwedeza madzi, kumene kuli ndalama zambiri ndi malonda ambiri. Njira yodziwika kwambiri ndi ya ultrasonic. Kachitsulo kopyapyala kamalowetsedwa m'ngalande yodzaza mankhwala, n'kumanjenjemera maulendo 25,000 mpaka 30,000 pa sekondi imodzi. Mu 1987 ku Guy's Hospital ku London, Ahmad, Pitt Ford ndi Crum anaonetsa kuti kunjenjemera kumeneku kumazungulitsa madzi mwaliwiro m'mbali mwa kachitsuloko, ndipo madzi othamangawo ndiwo amakhula khoma ndi kukankhira mankhwala m'timipata. Koma kachitsuloko kayenera kukhala komasuka. Kakangogunda khoma mphamvu imachepa, ndipo m'muzu wokhota kugunda khoma sikupeweka. Kawirikawiri amachita masekondi 20 katatu pa ngalande iliyonse, akusintha mankhwala pakatipakati.

Zilipo zina. Pali timitengo tapulasitiki tonjenjemera pang'onopang'ono kuposa ultrasonic, tomwe sitidula khoma. Pali EndoVac, yomwe inatembenuza nkhani yonse: mankhwala amathiridwa pamwamba, kapaipi kopyapyala kotsitsidwa kunsonga n'kumayamwa, choncho madzi amatsika okha mokokedwa ndipo mwayi wopyola muzu umachepa kwambiri, ngakhale timabowo ta kapaipiko sitichedwa kutsekeka ndi utuchi. Pali laser ya mtundu wa Er:YAG, imene imawiritsa kadontho ka madzi m'kanthawi kochepetsetsa, kathovu n'kufufuma ndi kuphwa mwadzidzidzi, madzi onse m'ngalande n'kugwedezeka. Pali makina a GentleWave a ku California omwe amatseka dzino pamwamba n'kuyendetsa mankhwala ochotsedwa mpweya mwamafunde. Ndipo kumapeto kwenikweni kwa mndandanda, kumene otsatsa malonda safikako, kuli njira ya manja. Dokotala amatenga kamtengo ka gutta-percha, utomoni wa mitengo ya ku Malaysia ndi zilumba zoyandikana nayo umene amatsekera ngalande pomaliza, kosankhidwa kokwana bwino m'ngalandemo. Amakalowetsa m'madzi aja n'kumakakweza ndi kukatsitsa mamilimita awiri kapena atatu, pafupifupi maulendo 100 pa mphindi. Kakatsika madzi amathawira m'mbali ndi m'mwamba, kakakwera atsopano amatsikira kunsonga. Mtengo wake ndi mphindi imodzi ndi kutopa kwa zala.

Kodi zodulazo zimachiza kuposa sirinji? M'chipinda chofufuzira, pa mano ozulidwa, yankho ndi inde: ngalande zogwedezedwa zimatuluka zoyera kuposa zongothiridwa, makamaka m'timipata tija. Koma wodwala safuna chithunzi cha khoma loyera. Akufuna kuti chotupa cha kunsi kwa muzu chipole. Mu 2013 ku Beijing, Liang ndi anzake anagawa odwala m'magulu awiri mwamaere, ena kutsukidwa ndi sirinji yokha, ena sirinji ndi ultrasonic. Atawajambula patapita miyezi 10 mpaka 19, magulu onse awiri anali atapola bwino, ndipo kusiyana kwake kunali kochepa koti sikungawerengedwe. Kunena chilungamo, anali mano a muzu umodzi, osavuta kwenikweni, ndipo n'zotheka kuti pa dzino lotafunira la ngalande zinayi zokhotakhota kugwedeza kumathandiza koposa. Komabe makina amalowa pamsika mofulumira kuposa umboni wakuti amapoletsa odwala ambiri, ndipo kafukufuku wina woyamikira makina amalipiridwa ndi opanga makinawo.

Ngakhale pa mphamvu ya mankhwala, kuchulukitsa si nzeru nthawi zonse. Hypochlorite wamphamvu kwambiri amasungunula msanga, koma amafooketsanso thupi la dzino, ndipo akapyola muzu kuwononga kwake kumakula. Mu 2005 ofufuza a ku Zurich anaonetsa kuti wa peresenti imodzi wotenthetsedwa kufika madigiri 45 amasungunula mnofu mofanana ndi wa maperesenti 5.25 wosatenthetsa. Wofooka wothiridwa wambiri, mosinthasintha, kwa nthawi yokwanira, amagwira ntchito. Chofunikanso n'chakuti akhale watsopano, chifukwa hypochlorite wosungidwa pa dzuwa kapena m'botolo losatseka bwino amatha mphamvu ali pashelefu, ndipo kutentha kwa kwathu kuno sikumuchitira chifundo.

Nkhani imeneyi ikutikhudza chifukwa kuyambira 2019 Malawi anayamba kuphunzitsa yekha madokotala a mano, pa sukulu yomwe lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow. Achinyamata amenewa akatumizidwa m'zipatala za m'maboma sakapezako laser, ndipo pasakhale wowanamiza kuti popanda laser dzino silingapulumuke. Zimene ayenera kumenyera kwa oyang'anira chuma cha chipatala ndi zinthu zosaoneka zapamwamba: rubber dam, singano zopyapyala, hypochlorite watsopano, EDTA, makina a X-ray ogwira ntchito oyezera kutalika kwa muzu, ndi nthawi. Chovuta kupeza pa zonsezi ndi nthawi. Dokotala amene panja pali mzere wa anthu ogwira masaya sangakhale ola lathunthu pa dzino limodzi, ndipo root canal yothamangira ndi yoipa kuposa kuzula kochita bwino, chifukwa wodwala amalipira, kuvutika, n'kudzazulitsabe.

Kwa inu amene mwachitidwa kale kapena mukukonzekera, dziwani kuti kutsuka kukatha nkhani siinathe. Ngalande zoyera zimatha kudetsedwanso kuchokera pamwamba ngati chomatira chakanthawi chasiyidwa miyezi, chagumuka, malovu n'kuyamba kulowa. Ambiri ululu ukangoleka sabwererakonso, n'kuwononga ntchito yonse ija. Bwererani akamate kokhazikika, ndipo dzino lotafunira nthawi zambiri limafuna chisoti cholikuta kuti lisang'aluke. Kupweteka pang'ono poluma kwa masiku angapo si chachilendo, koma kutupa kokulirakulira, kutentha thupi kapena kuvutika kumeza n'zofunika kuthamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Fupa lodyeka kunsi kwa muzu limamera pang'onopang'ono. Bungwe la akatswiri a ntchitoyi ku Ulaya, European Society of Endodontology, limalangiza kujambulanso dzinolo pakatha chaka chimodzi, ndipo ngati mthunzi wakuda wa pa X-ray wachepa koma sunathe, kumalionabe mpaka zaka zinayi asanagamule kuti chithandizo chalephera ndipo ngalandezo zitsegulidwe, zitsukidwenso.